Lupanga Ili ndi la Mtundu Uti?

Mawu amene adalankhulidwa pa mwambo wa Achewa okhala mumzinda wa Livingstone

Ndisanatsegule pakamwa ndiyambe ndaomba m'manja kwa Kalonga Gawa Undi, amene ngakhale ali kutali ku Mkaika, mthunzi wake watifikira kuno kumathithi. Yoo Gawa!

Akuluakulu a bungwe lathu adandituma kuti ndilankhule za malupanga ndi zida zina zakuthwa za makolo: momwe munthu angazindikirire kuti chida chakutichakuti chidachokera kwa mtundu uti, ndi dzina limene chiyenera kutchulidwa nalo. Mwina ena mwa inu mukuti imeneyi ndi nkhani ya anthu okhuta. Ayi ndithu. Mumzinda muno mumadutsa alendo a maiko onse, ndipo pakati pawo pali ofunafuna zinthu zakale kuti akagulitse kutsidya kwa nyanja. Mkondo umene banja lidausunga kudenga mibadwo inayi ungathe kuchoka tsiku limodzi pa mtengo wa thumba la ufa, ndipo ukafika kumene ukupitako adzaumata kapepala kolembedwa dzina la mtundu wina. Komanso kumudzi, pamilandu ya ufumu, nkhwangwa kapena mkondo wa malemu umatulutsidwa ngati mboni. Mboni imene sitidziwa kwawo, kodi tingaikhulupirire bwanji?

Ndiyambe ndi mawu amene ena sawakondwera nawo. Lupanga, lija lalitali lokhala m'chimake, silidali chida cha Mchewa. Chida cha makolo athu chidali uta ndi mivi yake m'phodo, nthungo, nkhwangwa, chibonga ndi mpeni wa m'chiuno. Mpwitikizi wina, Antonio Gamitto, adayenda kuchokera ku Tete m'chaka cha 1831 nadutsa pakati pa Amaravi ndi Achewa pa ulendo wopita kwa Mwata Kazembe, ndipo m'buku lake limene lidasindikizidwa mu 1854 adalongosola zida za makolo athu: mauta ndi mivi, mikondo, tinkhwangwa ndi mipeni. Mpeni waukulu wakuthwa konsekonse, wovala ndi anthu a kubwalo la mfumu, adakaufotokoza atafika kwa Alunda ku Luapula. Liwu lakuti lupanga lokha ndi lakalekale ndipo si lathu tokha, pakuti Abemba amati ulupanga, Aswahili amati upanga, Ashona akati banga ndiye kuti mpeni. Ambiri a ife liwuli tidalizolowera m'tchalitchi, ndiye chifukwa chake timaganiza kuti mfumu iliyonse yakale idali nalo lupanga lake.

Izi sizichepetsa makolo athu ngakhale pang'ono. Mivi yawo idali yopaka ulembe, ndipo mtengo wa ulembewo lero akatswiri a zomera pa dziko lonse amautchula kuti Strophanthus kombe, potengera dzina lakuti kombe limene John Kirk, mnzake wa David Livingstone, adalimva kwa anthu a ku Shire. Ndipo pa nkhani ya chitsulo, Amaravi adali akatswiri odziwika. Pamene Livingstone adakwera kumapiri a Amang'anja mu 1859, adaona midzi yokhala ndi ng'anjo zake, owotcha makala ake ndi osula ake, akupanga makasu, nkhwangwa, mikondo, mivi, singano ndi zibangili. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, kumene kudali likulu la Kalonga, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi adapeza zitsulo, mkuwa, minyanga, mikanda ya galasi ndi mapale a mbale zochokera ku China, monga adalembera m'buku lake la 1920 kuphatikiza zaka zana, ndiko kuti 2020. Ku Kasungu mabwinja a ng'anjo zazitali alipobe m'tchire. Kumeneko kusungunula nthale kudatha cha m'ma 1930, ndipo mu 1982 ndi 1983 akatswiri Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery adapempha nkhalamba za kwa Chulu ndi za ku Phoka kuti ziyatsenso ng'anjo, kuti nzeruyo ilembedwe eni ake asanathe. Nkhalambazo zidaonetsa kuti ng'anjo idali ndi mankhwala ake ndi miyambo yake, ndipo wosungunula amayenera kudzisunga, monga achitira anthu pa nthawi ya mdulo.

Tsono ngati munthu wakupatsirani chida nati ichi nchachichewa, muyambire pa chitsulo chenichenicho. Chitsulo cha m'ng'anjo sichikhala chosalala ngati cha kufakitale. Mukachipenyetsa padzuwa mumaona timizere takuda toyenda motsata utali wake, zotsalira za nthale zimene nyundo sidathe kuzitulutsa, ndi timaenje tosonyeza pamene nyundo kapena mwala udagunda. Kenaka muone polumikizira. Osula a kuno kwathu, pa khasu, pa nkhwangwa ndi pa nthungo yomwe, amasiya msuka, nauwotcha, naulowetsa mumtengo. Nkhwangwa yathu ilibe chibowo cholowetsamo mpini ngati ya Azungu; mpini ndiwo uli ndi chibowo, ndipo pachifukwa ichi timasankha mtengo wa mutu wolimba. Paja akulu adati nkhwangwa ikhulupirira mpini. Mkondo wa Amasai a ku Kenya ndi Tanzania, ndi mikondo yambiri ya ku Congo, ndi yosiyana: chitsulo chake chimapindidwa kukhala ngati kafunkha, ndipo mtengo ndiwo umalowa m'chitsulo. Ichi chokha chingakuuzeni ngati chidacho ndi cha mbali ino kapena chidachita kubwera.

Koma msuka sungasiyanitse Mchewa ndi Mngoni, chifukwa mkondo wa Chingoni nawonso ndi wa msuka. Apa muone utali wa mtengo ndi kukula kwa chitsulo. Angoni a Zwangendaba, amene adawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu Novembala 1835, tsiku la kadamsana, adabwera ndi kamenyedwe ka kumwera: mkondo waufupi wa chitsulo chachikulu, wobayira pafupi osati woponya, chishango chachikulu cha chikopa cha ng'ombe, ndi nduku. Polumikizira pake kawirikawiri pamavekedwa chikopa cha kumchira wa ng'ombe chili chachiwisi, kuti chikauma chigwire ngati chamera pomwepo. Izi mumaziona chaka ndi chaka ku Mtenguleni pa Nc'wala, mwambo umene udayambanso mu 1980 utazilala kuchokera pamene Mpezeni adagonjetsedwa ndipo Nsingo adaphedwa mu 1898. Ndimamva chisoni pang'ono ndikaona ana athu, akauzidwa kuti avale zachichewa, akutulukira ndi chishango ndi nthenga za Chingoni. Angoni ndi abale athu, tidakwatirana nawo, ndipo ambiri a iwo amalankhula chilankhulo cha amayi awo a Chichewa ndi Chinsenga. Koma chishangocho nchawo. Mwana wa Mchewa anyamule uta.

Tiyeni tipite kwa eni malupanga. M'dziko lathu lino la Zambia, lupanga lenileni lili kwa mitundu imene ufumu wake udachokera kwa Mwata Yamvo, ku Congo. Ku Mwansabombwe, kumapeto kwa mwezi wa Julayi, Mwata Kazembe amavina Mutomboko, gule wa chigonjetso, atanyamula nkhwangwa imene amati mbafi ndi lupanga limene amati mpoko. Ufumu umenewu udakhazikika m'chigwa cha Luapula cha m'ma 1740, ndipo mwambowu monga tiuonera lero udakhazikitsidwa mu 1971. Mpoko ndi waufupi poyerekeza ndi malupanga a Azungu, wotambalala, wakuthwa konsekonse, ndipo m'mbali mwake simuwongoka ayi: mumalowa m'kati ndi kutulukanso, ngati chiuno cha munthu. Kwa Aluvale a Mfumu Ndungu, eni Likumbi lya Mize, ndi kwa Achokwe, chida chofanana nacho chimatchedwa mukwale, ndipo chimawerengedwa pamodzi ndi lukano, chibangili cha ufumu. Chimake chake ndi cha matabwa awiri, nthawi zambiri okutidwa ndi chikopa, ndipo chigumbu, ndiko kuti chogwirira, chimathera ndi mutu wosongoka. Mpoko ndi mukwale ndi ana a mayi mmodzi, kotero kuti chida chikasiyana ndi mwini wake, ngakhale akatswiri amavutika kunena ngati ndi cha Mlunda, Mluvale kapena Mchokwe. Pamenepo kuli bwino kungoti ndi lupanga la mitundu ya Chilunda, kusiyana ndi kulumbirira mtundu umodzi.

Ndipatuke pang'ono. Nkhwangwa yaulemu ya Achokwe ndi Aluvale dzina lake ndi chimbuya. Ife a kum'mawa tikamva chimbuya timakumbuka zonyozana mwanthabwala ndi Abemba pamaliro ndi paukwati. Liwu limodzi, kuno nthabwala, uko nkhwangwa ya mfumu. Amene amalemba mayina a zida asamadalire khutu lokha.

Kutsidya kwa mtsinje uno, kwa Ashona, kuli bakatwa. Amene mwakhalapo ku Zimbabwe mudaliona. Chimake chake ndi cha mtengo wosemedwa bwino, chokulungidwa ndi waya wa mkuwa wolukidwa mwaluso, ndipo kunsi kwake kuli kaphazi. Chitsulo chake chili ndi chizindikiro chosabisika: kuchokera pamsana wapakati, mbali imodzi ndi yolowa pang'ono ndi yodetsedwa, ina ndi yowala, ndipo mukalitembenuza mupeza zomwezonso. Bakatwa si lankhondo kwenikweni. Limasiyiranidwa m'banja ndipo limaimira kholo limene lidali nalo, kotero limatulutsidwa pamene akupembedza mizimu. Pa nthawi ya nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe, m'zaka za m'ma 1970, osula ena adayamba kupanga mabakatwa okhala ndi chimake chooneka ngati mfuti ya AK. Mwambo si mwala. Umayenda ndi anthu ake.

Pa bakatwa pomwepa ndipo pali msampha umene ukutikhudza ife. Ogulitsa zinthu zakale akangoona waya wa mkuwa wolukidwa pa mpeni, pa nkhwangwa kapena pa chibonga, amafulumira kunena kuti nchachishona. Komatu luso la waya lidafala m'chigwa chonse cha Zambezi, kufikira ku Tete ndi ku Sena, kumene Amaravi adali oyandikana nawo ndi ochita nawo malonda. Tisaiwale kuti likulu lakale la Undi lidali ku Mano, m'dziko limene lero ndi Mozambique. Ndipo lusolo ndi lakale koposa malire a maiko athuwa. Pa Ingombe Ilede, kufupi ndi pamene Lusitu athira mu Zambezi, anthu okumba maziko a thanki ya madzi mu 1960 adapeza manda a anthu olemera a zaka pafupifupi 500 zapitazo. Pamodzi ndi mikanda ya golide ndi mitanda ya mkuwa, m'mandamo mudali nyundo, mbaniro ndi zitsulo zobowola zokokera waya. Amene adafukula malowo adali akatswiri ogwira ntchito kuchokera mumzinda uno, J. H. Chaplin ndi Brian Fagan. Choncho waya wa mkuwa akutiuza kuti chidacho ndi cha ku Zambezi. Sakutiuza dzina la mtundu.

Apa ndafika pa mfundo imene ndikufuna kuti mupite nayo kunyumba mukuilingalira. Tikamafunsa kuti chida ichi ndi cha mtundu uti, timafunsa mafunso atatu ngati limodzi: adachisula ndani, ankachinyamula ndani, ndipo chidapezeka kuti? Mayankho ake kawirikawiri amasiyana. Ku Bulozi osula otchuka adali Atotela ndi Akwangwa, ndipo zitsulo zawo zinkafika kwa Litunga ngati mtulo. Kodi mkondo wosulidwa ndi Mtotela, wonyamulidwa ndi Mlozi, tiutchule chiyani? Kumpoto kwa Malawi Aphoka ankasulira Angoni makasu. Kum'mawa kwathu, Angoni a Mpezeni adapeza Achewa ndi Ansenga ali kale ndi zipala zawo ndi mivukuto yawo, ndipo wogonjetsa salekerera wosula kukhala chabe. Ndiye kuti mkondo wa kapangidwe ka Chingoni ungathe kukhala ntchito ya manja a Mchewa. Nkhondo nayo imasuntha zida: wopambana amatola za wogonja. Ukwati umasuntha zida, malonda amasuntha zida.

Chitsanzo chokoma chili pakhomo pathu pompano. Makololo a Sebetwane adalanda dera lino la kumtunda kwa Zambezi cha m'ma 1840, ndipo ufumu wawo udagwetsedwa ndi Alozi mu 1864. Ena mwa anthu amene Livingstone adawatenga kuno nkupita nawo kumunsi sadabwererenso. Adakhazikika ku Shire, pakati pa Amang'anja, ndipo ndiko kudachokera maufumu a Kasisi, Katunga ndi Maseya ku Chikwawa. Amatchedwa Makololo, ngakhale ambiri mwa iwo adali a mitundu ina ya mbali ino imene Makololo ankailamulira. Tsono nkhwangwa yopezeka ku Chikwawa, m'mudzi wa anthu olankhula Chimang'anja, ingathe kukhala kuti idasulidwa mtunda wa masiku owerengeka kuchokera pamene takhala pano. Wolemba kapepala akangoyang'ana pamapu adzalemba kuti Mang'anja, ndipo adzakhala atanena zoona ndi zabodza nthawi imodzi.

Chimodzi chimene chingatithandize, chimene alendo ogula sachidziwa, ndi njira imene chidacho chidadzera m'banja. Kwa ife Achewa dzina ndi zake zimachoka kwa malume kupita kwa mphwake, mwana wa mlongo wawo. Kwa Angoni mkondo umachoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna. Ngati nthungo ili m'nyumba mwanu idadzera kuchimuna mibadwo itatu yotsatizana, funsani bwino. Mwina mbiri yake ili kwa Angoni. Ndipo ofunsidwa oyamba akhale amayi a mbumba. Amuna amapita kuchikamwini, ena kumigodi, ena kuno kunjanji. Otsala pamudzi nkumaona chimene chili kudenga ndi amayi. Agogo aakazi amene sadagwirepo mkondo angathe kukuuzani mwini wake woyamba, nkhondo imene adathawa, ndi phiri limene adabisalamo.

Pali malupanga ena amene amapezeka m'manja mwa mafumu ndi mabanja a kwathu koma adachokera kutali. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Amalonda a Chiswahili ndi Chiarabu ochokera ku Zanzibar ndi Kilwa, monga a Jumbe amene adakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, adali ndi malupanga aatali a Chiomani, owongoka, a chigumbu chowonda chopanda kachitsulo kotchinjiriza dzanja, ndi mipeni yokhota ya pamimba yokongoletsedwa ndi siliva. Apwitikizi ndi Achikunda awo adabweretsa zawo kudzera ku Tete ndi Zumbo. Chida chotere chikapezeka kwa mfumu ya Chichewa sitichitaya ayi, chili ndi mbiri yake, ndipo nthawi zina mbiri yowawa, chifukwa mphatso za amalonda aja zinkatsegula njira ya minyanga ndi akapolo. Tichitchule moona: lupanga la Chiomani limene lidasungidwa ku ufumu wakutiwakuti. Pambuyo pake padadza za asilikali. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mbali ya Africa, idathera m'dziko lino, pamene von Lettow-Vorbeck adapereka zida zake ku Abercorn, lero Mbala, pa 25 Novembala 1918, ndipo pa nkhondo yachiwiri anyamata athu adafika mpaka ku Burma. Mipeni yaitali yomangirira kukamwa kwa mfuti idatsalira m'midzi, ndipo adzukulu lero amaitcha lupanga la agogo. Muiyang'ane pafupi ndi chigumbu: mupeza manambala ndi zilembo zodindidwa. Wosula wa kumudzi sankadinda manambala. Chimodzimodzi chikwanje chokhala ndi chithunzi cha ng'ona: chimenecho ndi chizindikiro cha kampani ya Martindale ya ku England, si chizimba cha a Ng'ona ayi.

Za kutali kwambiri ndingozidutsa mothamanga, poti mungakumane nazo m'misika ya alendo. Mpeni wotambalala ngati tsamba, wosasongoka, wa chigumbu chokhomedwa timizere ta mkuwa, ndi ikul wa Akuba a ku Kasai, amene mwambo wawo umati adayambitsidwa ndi mfumu Shyaam m'zaka za m'ma 1600 ngati chizindikiro cha mtendere. Lupanga lowonda kumsuka ndi lotambalala kunsonga, m'chimake cha chikopa chofiira, ndi la Amasai. Lalitali lowongoka, lokhala ndi kachitsulo kopingasa ngati mtanda, chimake chake chotupa kumapeto, ndi kaskara ya ku Sudan, ndipo zitsulo zake zambiri zidasulidwa ku Solingen m'dziko la Germany. Lokhota ngati chisikilo ndi shotel ya ku Ethiopia. Palibe ngakhale limodzi mwa amenewa limene lili la mitundu ya mu Zambia.

Nanga zabodza? Ndisamale pano, chifukwa osema ndi osula amene amagulitsa ntchito ya manja awo kwa alendo mumzinda muno akudyetsa ana awo mwachilungamo, ndipo ena mwa iwo ndi amisiri enieni. Chinthu chatsopano sichabodza. Chimasanduka chabodza pamene munthu wachikwirira m'matope, nachifukiza utsi, nachipatsa zaka zana zimene chilibe. Chiyambire pamene njanji idafika kuno mu 1904 ndipo mlatho wa pamathithi udatsegulidwa mu 1905, zitsulo za kufakitale zidachuluka, ndipo osula adaona kuti nkosavuta kutola chidutswa cha chitsulo kusiyana ndi kugona masiku kung'anjo. Lero zambiri zimasulidwa kuchokera ku masipuling'i a galimoto. Zotere zimakhala zokhuthala mofanana kuyambira kumsuka mpaka kunsonga, ndipo zimaoneka mikwingwirima ya makina onolera. Waya wa aluminiyamu, misomali ya m'sitolo ndi guluu ndi mboni zina. Dzimbiri la dzulo ndi lofiira ndipo limatsalira m'manja. Lakale ndi lakuda ndipo lidalowerera. Chigumbu chimene chidagwiridwa zaka zambiri chimasalala pamene pamakhala chikhatho pokha, osati ponseponse.

Tili ndi mwayi ife okhala muno, chifukwa nyumba yosungiramo zinthu zakale yoyamba ndi yaikulu koposa m'dziko lino ili pamsewu wa Mosi-oa-Tunya. Livingstone Museum idayamba mu 1934, mzinda uno ukadali likulu la Northern Rhodesia, ndipo nyumba ya nsanja ya wotchi ija idatsegulidwa mu 1951, pa nthawi ya J. Desmond Clark, amene adaiyang'anira kufikira 1961. Ambiri a ife timaidutsa tsiku ndi tsiku ngati kuti adamangira Azungu okha. Kalowenimo ndi ana anu. Kaoneni zida za mitundu yosiyanasiyana zili pafupi ndi pafupi, pakuti diso limaphunzira poyerekeza. Zina zili ku Moto Moto Museum ku Mbala, imene idakula kuchokera pa zimene adasonkhanitsa Bambo Jean-Jacques Corbeil, ndi ku Choma kwa Atonga, ndi ku Nayuma ku Limulunga. Ndipo opita ku Malawi akaime pa Mua, kumene nyumba ya Chamare imasonyeza za Achewa, Angoni ndi Ayao mbali ndi mbali. Komabe powerenga timapepala ta m'nyumba zotere, kulikonse pa dziko lapansi, muzikumbukira kuti zambiri zidasonkhanitsidwa m'nthawi ya atsamunda, ndi mabwanamkubwa a maboma ndi amishoni, amene kawirikawiri ankalemba dzina la mtundu umene unkakhala m'boma lomwe chidacho chidapezeka. Dzina la wosula silinkalembedwa kawirikawiri. Pamene padapezeka ofunsa mwachifatse, zotsatira zake zidali zina: Edwin Smith ndi Andrew Dale, m'buku lawo la 1920 lonena za Aila, adalemba mitundu yambiri ya mikondo, uliwonse ndi dzina lake ndi ntchito yake. Munthu wachilendo akadangoti yonseyo ndi mikondo, basi.

Ifenso tili ndi mayina otere amene akutha. Nthungo ndi mkondo lero timazisakaniza. Kasemasema ana amamutcha nkhwangwa. Muvi wa mbalame, wa mutu wa mtengo, ndi muvi wa nyama, wa ngowe, zidali ndi mayina osiyana malinga ndi dera, ndipo mayinawo akali m'kamwa mwa nkhalamba za ku Katete, Chadiza, Mchinji, Dedza ndi Angonia. Za zimene zilombo za Gule Wamkulu zimanyamula zikatuluka kudambwe sindinenapo pano, poti bwalo lino lasakanikirana. Eni mzinda amadziwa okha. Ndingoti chiyambire 2005, pamene bungwe la UNESCO lidalemekeza Gule Wamkulu pamodzi ndi Makishi a Aluvale, ofuna kugula zinthu zathu achuluka osati kuchepa.

Tsono pempho langa kwa mabanja ndi ili. Ngati muli ndi chida cha makolo, musachikweche ndi sandipepa kapena tupa kuti chiwale. Mukatero mwafafaniza zizindikiro zomwe ndakhala ndikunenazi. Chipukuteni ndi kansalu, mupake timafuta pang'ono pa chitsulo chokha, muchisunge pouma, patali ndi chiswe. Mpini ukathyoka musautaye, ngakhale mutaikapo wina. Chijambuleni mbali zonse ziwiri ndi foni, pambali pake mutaika rula. Ndipo mutenge kope mulembe dzina lake m'chilankhulo cha kwanu, monga momwe agogo amalitchulira, mwini wake woyamba ndi mfunda wake, kaya Phiri, Banda, Mbewe kapena Mwale, mudzi ndi mfumu yake, wosula ngati akukumbukika, ndi onse amene chidadutsa m'manja mwawo kufikira inu. Mulembenso dzina la amene wakuuzani ndi tsiku limene wakuuzani. Akulu awiri akatsutsana, lembani mawu a onse awiri. Za ufumu, zimene zimasungidwa ndi osunga ake monga momwe Abemba amasungira babenye, sizijambulidwa popanda chilolezo cha eni ake; mukayambe mwagwada kwa mfumu.

Wina akabwera ndi ndalama kufuna kugula, dziwani kuti dziko lino lili ndi lamulo la 1989 limene lidakhazikitsa National Heritage Conservation Commission, ndipo zinthu zakale zotetezedwa ndi lamuloli sizituluka m'dziko popanda chilolezo cha bungwelo. Chigaza cha munthu wakale chimene chidapezeka mumgodi wa Kabwe mu 1921 chidatengedwa kupita ku London, ndipo dziko la Zambia lakhala likuchipempha kwa zaka zambirimbiri. Ngati boma lathunthu likuvutika chotero, banja la ku Dambwa kapena ku Maramba lingaitanitse bwanji nthungo yake itawoloka mlatho? Amene mwaona kuti kunyumba sichisungika, chifukwa cha ana osasamala kapena denga lodontha, kakambiraneni ndi a mbumba, kenaka mukaonane ndi ogwira ntchito ku Livingstone Museum, mutanyamula kope lija, kuti chidacho chikalowe ndi dzina lake ndi la mudzi wake. Ndipo amene mukupita ku Mkaika pa Kulamba kumapeto kwa Ogasiti, mutenge zithunzizo mukaonetse akuluakulu ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique, pakuti kumeneko tsiku limodzi mumakumana nkhalamba za maiko atatu.

A Wapampando, ng'oma zikundidikira.